Makalata a omvera: ululu wa pachinena ndi kamakina ka TENS

Makalata a sabata ino achuluka a chiuno, ndipo iyi yandikhudza kwambiri. Mayi wina amene anachira masabata atatu apitawo akuti: "Pachinena pakupweteka ngati fupa lang'ambika. Kutembenuka pakama ndi misozi. Andibwereka kamakina ka TENS, koma ndikuopa magetsi."

Pepani kwambiri mayi. Kutsogolo kwa chiuno kumakumana mafupa awiri, ndipo pakati pake pali kampata ka mamilimita 4 kapena 5. Munthu akakhala woyembekezera, minyewa yogwira mafupawo imafewa kuti mwana adzadutse. Mpatawo ukapitirira mamilimita 10, ndiye kuti mafupa atalikirana. Mumve bwino apa: TENS (kamakina kotumiza magetsi ochepa m'thupi kudzera m'tizigamba tomata pakhungu) sibweza mafupa. Imangonyerenyesa mitsempha ya pakhungu kuti uthenga wa ululu usafike wonse ku ubongo. Magetsi ake ndi a batire, sangakugwetseni, ngakhale nyerere imaluma kuposa pamenepo!

Yambani mwaonana ndi a mafizo kuti akulozereni pomata. Sambani, pukutani, musadzole mafuta chifukwa tizigamba sitigwira. Kamakina kakhale kozima pomata. Ikani tizigamba tiwiri kumsana kwenikweni, uku ndi uku kwa fupa la msana, tisagundane. Pochepetsa ululu msanga ambiri amaika kamakinako pa 80 mpaka 120 Hz, kutanthauza kuti magetsi azigunda ka 80 mpaka 120 pa sekondi. Kwezani mphamvu pang'onopang'ono mpaka mumve kunyerenyesa kwamphamvu koma kosapweteka, kwa mphindi 30. Pakatha kanthawi thupi limazolowera, mumangoonjezera pang'ono. Mukamva kubaya ngati singano, kachigamba kamatuka m'mphepete kapena kauma, zimitsani musinthe. Pabala la opaleshoni, pakhungu lochita dzanzi ndiponso posamba, ayi. Lamba wogwira mafupa a m'chiuno musamusiye, pogona ikani pilo pakati pa mawondo, ndipo potembenuka mawondo ayendere limodzi. Thupi likatentha, mkodzo ukavuta kapena miyendo ikachita dzanzi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mayi wa mimba ya miyezi 7 akufunsa ngati angamate pamimba. Ayi mayi, pamimba ndi pachinena musayerekeze mwana asanabadwe, ndipo ngakhale kumsana muyambe mwafunsa kusikelo.

Bambo amene akazi anu ali ndi khunyu: kamakinako kasiyeni. N'chimodzimodzinso amene anaikidwa kabatire ka mtima.

Wina akuti tizigamba tikumutulutsa zidzolo. Sinthani pomata tsiku lililonse, zikapitirira lekani.

Tsono ndikudzudzuleniko pang'ono abambo ndi apongozi. Makalata anayi akuti mayi akadandaula mukumati ndi ulesi, ena anabereka n'kudzuka. Ayi ndithu. Munthu amene mafupa ake atalikirana, kuimirira ndi mwendo umodzi povala kokha n'chintchito. Mutengereni ndowa, mubweretsereni mwana poyamwitsa, muyende naye sitepe imodziimodzi, ndipo tsiku la mafizo mumuperekeze.