Chifukwa chake korona ankagwiranso anthu obayitsa katemera

Amayi ndi abambo, khalani pansi tiyambe. Funso lomwe mwanditumizira pagulu lathu la WhatsApp ndi lakuti, bwanji ena tinabayitsa katemera koma korona n'kutigwirabe?

Yankho lili pa timinga tomwe tazungulira kachilomboka, tija akatswiri amati spike. Kamunga kalikonse ndi puloteni, ndipo nsonga yake imamatirira pamalo otchedwa ACE2, pa maselo athu a m'mphuno ndi m'mapapo. Ikamatirira, kachilombo kalowa. Munthu akadwala kapena kubayitsa katemera, thupi limapanga ma antibody, asilikali aja amatiuza kuchipatala. Amene amagwira ntchito yaikulu ndi okakamira pansonga pomwepo, kachilombo n'kusowa pogwira. Komatu iwo amazindikira maonekedwe okha. Amakaniki muli muno mundivomereza: sipanala ya 13 imaluma bwino bawuti ya 13, koma mutu wa bawutiyo ukangodyeka mbali imodzi, sipanala imangozungulira chabe.

Kachilombo kakamaswana, nthawi zina kamaphonya pokopera malangizo ake, ndiye kachidutswa kena ka spike kamasintha. Zambiri mwa zosinthazi n'zopanda pake. Zina ndiye mavuto. Pa 18 December 2020, nduna ya zaumoyo ya kuno ku South Africa panthawiyo, Zweli Mkhize, inalengeza za mtundu watsopano wa korona womwe pambuyo pake unatchedwa Beta, umene unayamba kuonekera ku Eastern Cape. Pansonga paja panasintha malo atatu: K417N, E484K ndi N501Y. Manambalawa asakuopseni, akungonena malo. N501Y inathandiza kachilombo kumatirira zolimba. Koma yochenjera inali E484K: pamalo a nambala 484 panachoka kachidutswa ka puloteni kotchedwa glutamic acid, ka mphamvu ya negativi, n'kubwera kena kotchedwa lysine, ka pozitivi. Asilikali ambiri omwe ankagwira pamenepo anayamba kuterereka.

Izitu anazionera konkuno ku Joni, ku NICD, bungwe lofufuza za matenda opatsirana, ku Sandringham. Gulu la wasayansi Penny Moore linatenga magazi a anthu 44 omwe anadwala korona woyamba uja n'kuwayesa pa Beta. Pafupifupi theka la magaziwo silinathe kuletsa kachilomboka. Kafukufuku wa Shabir Madhi wa ku yunivesite ya Wits anasonyezanso kuti katemera wa AstraZeneca sankateteza mokwanira ku matenda osafika pogonetsa m'chipatala a Beta, n'chifukwa chake mu February 2021 boma linamuimitsa n'kuyamba kubaya ogwira ntchito zachipatala katemera wa Johnson & Johnson.

Omicron ndiye anaonjeza. Mu November 2021, ku Gauteng kuno ndi ku Botswana, anapeza mtundu wosintha malo oposa 30 pa spike pokha. Mukukumbukira ndege zija anatiimitsira Khirisimasi itayandikira? Anali ameneyu.

Mayi kumbuyoko mukuti ndiye kuti katemera anali wabodza? Ayi mayi. Thupi silipanga antibody wamtundu umodzi, limapanga ambirimbiri, ogwira malo osiyanasiyana, ndipo ena ankagwirabe. Palinso ma T cell, omwe amapha maselo amene kachilombo kalowamo kale. Iwo amazindikira tizidutswa tambiri ta spike tomwe sitinasinthe. Ndiye wobayitsa ankatha kugwidwa, kukhosi kuwawa, chifuwa, koma kufika poikidwa pa mpweya kunachepa kwambiri. Kubayitsa kachitatu kunkachulukitsa asilikali, moti ngakhale ogwira mofooka ankakwanira chifukwa cha kuchuluka.

Bambo a malaya ofiira, ndaona dzanja lanu, funsani.