Amayi a pinki ndi girini aja, ndi uthenga wa madola 50

Zikomo amayi ndi abambo, khalani pansi. Nsima yapsa kale, ndiye sinditalikitsa. Nkhani ndi uthenga uja unazungulira pagulu lathu la WhatsApp sabata yatha, wakuti bungwe la Alpha Kappa Alpha likulipirira ana sukulu, koma muyambe mwatumiza madola 50 a fomu pa Cash App, njira yotumizira ndalama pafoni. Ena mwatumiza kale, maina sinditchula. Mvetserani: bungwe lenileni silikulipiritsani kuti likuthandizeni.

Amayi a bungwe limeneli mumawaona kuno ku Maryland ndi ku Washington, atavala pinki ndi girini, akugawa zakudya kapena kulembetsa anthu kuti akavote. Bungwe lawo linayamba pa 15 Januwale 1908 pa Howard University, pompano pa Georgia Avenue. Analiyambitsa ndi atsikana achikuda otsogozedwa ndi Ethel Hedgeman, nthawi imene atsikana akuda ofika ku yunivesite anali owerengeka. Nthambi zake zili mitundu iwiri: za ophunzira, ndi za amayi amene anatenga kale digiri. Ya mu Washington, Xi Omega, inakhazikitsidwa mu 1923, ndipo zachifundo zambiri zimachitika m'nthambi za akuluakuluzi.

Kuyambira 1935, Dr Dorothy Ferebee, dokotala wa konkuno, ankatenga anzake a m'bungweli nthawi ya tchuthi kupita ku Mississippi kukabaya katemera wa nthomba ndi diphtheria m'mabanja olima thonje. Eni minda anakaniza antchito awo kupita kumalo a katemera. Amayiwo sanabwerere. Anasandutsa magalimoto awo chipatala n'kumafika m'minda momwemo. Anthu otsatira odwala kumunda ndi mafuta awoawo, lero angapemphe madola 50 kwa mwana wanu? Bungwe lenileni silikulipiritsani.

Inde mayi, funsani.

"Koma zilembo zachilendozo, ndi zachinsinsi zawozo, si za satana zimenezi?"

Mwafunsa bwino, ambiri mumanong'ona zomwezo kukhitchini. Alpha ndi Kappa ndi zilembo chabe za Chigiriki, chinenero chomwe chinalembedwera Chipangano Chatsopano. Mabungwe a ophunzira ku America akhala akudzitcha ndi zilembo zotere kuyambira 1776. Mwambo wolandirira membala ulipo ndithu, ndipo saonetsa anthu akunja, izo n'zoona. Koma ganizirani za amayi a Mvano kapena a Dorika kwathu kuja: yunifolomu, zopereka, misonkhano yawoyawo, kukazonda odwala. Kusiyana kwake, ili si la mpingo, ndipo ku nthambi ya akuluakulu sungolowa. Umayenera kukhala ndi digiri, komanso akuitane ndi eni ake. Kamala Harris, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America, analowa akadali wophunzira pa Howard. Ndiye munthu akakuuzani pafoni kuti tumizani ndalama ndikulowetseni, mwamudziwa kale. Makolo a atsikana a ku koleji, dziwaninso kuti kumenya kapena kuzunza ofuna kulowa n'koletsedwa. Mwana akakuuzani zotere, kanenani kwa akuluakulu a sukulu tsiku lomwelo.

Ndikuona ena maso ali kumiphika, ndiye ndithamange. Mafomu enieni a thandizo la sukulu amapezeka pa webusaiti ya nthambi ya bungweli kapena kwa mlangizi wa kusukulu ya mwana, kawirikawiri kumayambiriro kwa chaka, kwa ana a giredi 12. Amafuna zotsatira za m'kalasi, nkhani yolemba mwana yekha, ndi makalata a aphunzitsi omuchitira umboni. Ambiri amagwa chifukwa chopempha makalatawo kutatsala masiku awiri. Inu makolo, lekani kuwalembera ana nkhani, owerenga amazindikira. Onaninso malo okhala: nthambi imathandiza ana a m'dera lake, wa ku Virginia asataye nthawi ndi fomu ya ku Baltimore.

Ngati ndinu mukupereka thandizo ku bungweli, funsani nambala yake ya msonkho yotchedwa EIN, ya manambala 9, muifufuze pa webusaiti ya IRS, bungwe la boma lotolera misonkho. Nthambi zambiri zili ndi thumba lapadera la zachifundo lolembetsedwa kuboma ngati 501(c)(3), gulu la mabungwe achifundo, ndipo cheke chipite m'dzina la thumbalo, osati la munthu. Zikafika madola 250, tengani kalata yotsimikiza, imafunika pamsonkho. Amene munatumiza kale, kadandauleni pa Cash App pomwepo ndi kubanki kwanu lero lomwe, ngakhale ndalama zotumizidwa motero sizibwerera kawirikawiri. Uthengawo musaupititsenso kwa wina. Palibe cholipira fomu, ndabwereza kachitatu. Amayi a kukhitchini, tsegulani miphika.