Munthu wa pa windo la mankhwala uja anaphunzira chani kwenikweni?

Muli bwanji nonse, takulandiraninso pa channel yathu, tikujambula konkuno ku Zomba ndipo mitambo yayamba kale kutsika mphiri nde tifulumire mvula isanatipeze. Lero tikuyankha funso lomwe lakhala likubwerabwera mma comment makamaka kwa ana a Fomu 4 ndi makolo awo, loti munthu amadutsa kuti kuti akhale pharmacist, ndipo zaka zonsezo amakhala akuphunzira chani poti ife timangoona akuwerenga mapilitsi nkuika mkathumba basi.

Tichotse kaye chisokonezo chimodzi. Si aliyense wovala gauni yoyera pa windo paja amene ali pharmacist. Pali pharmacy assistant, ameneyu ali ndi satifiketi ya zaka ziwiri ndipo ndi amene mumampeza kwambiri mma health centre. Pali pharmacy technician wa dipuloma ya zaka zitatu. Ambiri mwa awiriwa amachokera ku Malawi College of Health Sciences, koma apa mumvetsetse, kolejiyi ili ndi nthambi konkuno ku Zomba inde koma kuno timakudziwa ndi anamwino, za pharmacy zili ku nthambi ya ku Lilongwe. Nde pamwamba pa onsewa pali pharmacist, wa digiri.

Digiriyo ku Chanco kulibe, olo mutazungulira Chirunga yonse. Chemistry aliko, koma pharmacy muyenera kukwera minibasi mpaka ku Blantyre, ku Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS, yomwe akuluakulu amaitchulabe kuti College of Medicine, pafupi ndi chipatala cha Queens paja. Dzina la KUHeS layamba kugwira ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Maphunziro a pharmacy anayamba kumeneko mu 2006, kumbuyo konseko Mmalawi wofuna ntchito imeneyi ankachita kupita kunja, nde mukaona kuti ma pharmacist ndi ochepa mdziko muno musadabwe, sukulu yake ndi ya dzulodzuloli.

Khomo lake ndi MSCE, mayeso a a MANEB omwe tili nawo konkuno. Makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma amene amakunyamula ndi masamu, Biology, Chemistry ndi Physics, ndipo mapointi akhale otsika zedi chifukwa malo ndi ochepa, olimbirana ndi ambiri, kusankha kwake kumadutsa ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a mmayunivesite. Ndinene mosabisa, ngati Chemistry imakudwalitsa mutu panopa ganiza kawiri, chifukwa kumeneko sakusiya mpaka umalize. Ukalowa umayamba chaka cha foundation, kukhwimitsa sayansi, kenako zaka zinayi za pharmacy yeniyeni. Zonse pamodzi zisanu.

Tsopano mkatimo mumakhala zotani? Maina ake ndi oopsa, pharmacology, pharmaceutics, pharmaceutical chemistry, koma mmalo mokuwerengerani maina ndikuonetseni ndi chinthu choti nonse munachigwirapo.

[Kamera iyandikire pa paketi ya LA]

Iyi ndi LA ya malungo. Ya munthu wamkulu imakhala ndi mapilitsi 24, anayi nthawi imodzi, kawiri pa tsiku, masiku atatu. Koma mwana sapatsidwa potengera kuti ali Sitandade chani, amapita pa sikelo. Wa makilo 5 mpaka 14 pilitsi limodzi, 15 mpaka 24 awiri, 25 mpaka 34 atatu, kuyambira 35 nde anayi. Nchifukwa chake mapaketi ake alipo a 6, a 12, a 18 ndi a 24. Tsiku loyamba ulendo wachiwiri umamwa patatha maola 8. Ndipo akamakuuzani kuti mudye kaye, phala lothira nsinjiro kaya mkaka, sikuti akungokukomerani mtima ayi, lumefantrine amene ali mmenemu salowa bwino mmagazi popanda chakudya cha mafuta. Wophunzira pharmacy amayenera kudziwa chifukwa chake, mankhwala akalowa mkamwa amadutsa kuti, chiwindi chimawaphwanya bwanji, impso zimawatulutsa liti, nanga ngati impsozo zili zofooka mulingo usinthe bwanji. Ku labu amasakaniza yekha mankhwala amadzi ndi odzola, amayeza pilitsi kuti aone ngati muli mulingo womwe walembedwa pa paketi, chifukwa mankhwala achinyengo aliko ndipo ndi maso okha sungawazindikire.

Koma kwa ine pamene pagona digiri yonseyi ndi apa. Pharmacist amaphunzitsidwa kuwerenga zomwe dokotala walemba mkabuku kanu ka kuchipatala nkutha kunena kuti ayi, izi siziyendera limodzi. Tengani munthu amene akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, kenako wapezeka ndi TB. Mmankhwala a TB muli rifampicin, uja amafiiritsa mkodzo anthu nkumachita mantha, nde rifampicin ameneyu amapangitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mwamsangamsanga, dolutegravir uja amatha mphamvu nthawi isanakwane, ndiye pamafunika kuonjezera pilitsi lina la dolutegravir patatha maola 12 apo ayi kachilombo kayambanso kuchulukana munthu akumwa mankhwala mokhulupirika tsiku ndi tsiku. Rifampicin yemweyo amafooketsanso mapilitsi olerera ndi kapamkono kaja. Dokotala pa OPD ali ndi mzere wofika panja, akhoza kuphonya, ndi munthu naye. Womaliza kugwira kabukuko musanapite kunyumba ndi wa pa windo uja. Ndiye mukamuona akuchedwa, akutembenuza masamba akumbuyo, akukufunsani kuti pali mankhwala ena amene mukumwa, kaya muli oyembekezera, musamulusire kuti akuchedwetsa mzere.

Pali phunziro lina lomwe limandisangalatsa, pharmacognosy, la mankhwala ochokera ku zomera. Ife a ku Zomba tili ndi National Herbarium ndi Botanic Gardens pakhomo pomwe koma timangopitako kukajambulitsa pa ukwati. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Artemether, mnzake wa lumefantrine mu LA muja, gwero lake ndi chomera cha Artemisia annua, ndipo mayi wa ku China, Tu Youyou, analandira mphotho ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Nde pharmacist sanyoza zitsamba, amangofunsa kuti mulingo wake ndi uti ndipo anayeza ndani, funso lomwe wogulitsa mabotolo pa depoti sakonda kulimva.

Zina nzosakoma kuzijambula koma ndi ntchito ya tsiku lililonse. Kusunga stock card yolembapo mankhwala olowa ndi otuluka, kuitanitsa mankhwala ku Central Medical Stores, kutulutsa kaye amene atsala pang'ono kutha ntchito, kuonetsetsa kuti insulin ndi katemera ali mu furiji pakati pa madigiri 2 ndi 8 olo magetsi atazima usiku. Malamulo nawonso amaphunzira, mankhwala amphamvu opha ululu ngati morphine ndi pethidine amakhala mokiya ndipo alionse otuluka amalembedwa mbuku lake. Zaka zakumapeto amalowa mma ward limodzi ndi madokotala.

Ukavala chipewa sikuti wamaliza. Pali chaka cha internship pansi pa pharmacist wodziwa kale ntchito, ndipo kuti ugwire ntchito movomerezeka uyenera kulembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, yomwe inabwera ndi lamulo la 2019 mmalo mwa Poisons Board yakale ija. Kuwerenga nako sikutha poti mankhwala amasintha, agogo athu ankamwa chloroquine, mu 1993 dziko lino linasinthira ku Fansidar chifukwa tizilombo ta malungo tinasiya kumva, mu 2007 kunabwera LA. Zomwezo zikuchitika ndi ma antibiotic, makamaka ife tikamagula makapisozi awiriawiri a amoxicillin pa benchi mumsika atakhala padzuwa tsiku lonse nkusiya tikangopezako bwino.

Ntchito zake ndi mzipatala ngati Zomba Central kaya ku Mental, mma pharmacy a mtauni, kumakampani opanga ndi kuitanitsa mankhwala, ku PMRA komweko, ena amakaphunzitsa. Ndipo iwe amene mapointi sanakufikitse ku KUHeS usataye mtima, alipo ambiri anayamba dipuloma, agwirako ntchito, nkudzalowa digiri pambuyo pake, ndipo amakafika kumeneko akudziwa kale fungo la sitolo ya mankhwala.

Ambiri mwafunsanso za fizi ndi ngongole ya ku Loans Board, imeneyo ndi nkhani yaitali tiipangira vidiyo yakeyake sabata yamawa. Amene muli ku KUHeS kaya ku Health Sciences panopa tilembereni mmunsimu phunziro lomwe likukusowetsani tulo, ana a Fomu 4 awerenge okha. Dinani subscribe, tionana.