Mawu a m'mawa: Wonyamula chovala cha bwana

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu a lero akuchokera pa 2 Mafumu 5, ndime 1 mpaka 14, nkhani ya Namani. Koma tisanafike kwa Namani ndiloleni ndidzere ku America, kwa mayi wina amene ntchito yake inali kusewera ngati wantchito wa anthu ena.

Mayiwa ndi Thelma Ritter. Anabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, pa 14 February 1902. Zisudzo anaziphunzira ku American Academy of Dramatic Arts, kenaka anayamba kusewera ndi timagulu ting'onoting'ono. Mu 1927 anakwatiwa ndi Joseph Moran, nayenso wa zisudzo. Chuma cha America chitagwa ntchito za zisudzo zinasowa, bambowo analowa ntchito yotsatsa malonda, mayiwa nakhala pakhomo kulera ana awo awiri. Pobwerera ku zisudzo anayambira pa wailesi, kumene munthu amamveka mawu okha nkhope osaoneka.

Filimu yawo yoyamba inatuluka mu 1947 ali ndi zaka 45. Dzina lake ndi Miracle on 34th Street, ndipo woitsogolera anali George Seaton, amene ankadziwana nawo kale. Gawo lomwe anawapatsa linali laling'ono zedi: mayi wotopa ndi kuzungulira m'masitolo nthawi ya Khirisimasi, ali m'sitolo ya Macy's, mwana akumuvutitsa kuti akufuna chidole cha galimoto yozimitsira moto. Pa mndandanda wa osewera dzina lawo silinalembedwe n'komwe. Komabe mkulu wa kampani ya 20th Century Fox, Darryl Zanuck, ataona timphindi timeneto anachita chidwi, ndipo njira inatseguka. Mu 1949 anaonekanso mu A Letter to Three Wives ngati wantchito wa m'nyumba, dzina osalembedwanso.

Gawo limene landikumbutsa Namani lili mu All About Eve, ya 1950. Mmenemo muli mayi wotchuka wa zisudzo, Margo, gawo la Bette Davis. Tsiku lina kukubwera mtsikana wooneka wofatsa, Eve, ndi nkhani yomvetsa chisoni ya moyo wake. Onse m'chipindamo akugwidwa chifundo: mwini wake Margo, wolemba masewero, mkazi wa wolembayo, anthu ophunzira okhaokha. Mmodzi yekha ndi amene sakukhutira, Birdie, gawo la mayi Ritter, yemwe ntchito yake ndi kuveka Margo zovala ndi kumukonzera m'chipinda. Iye akuona msanga kuti mtsikanayu akuphunzira mayendedwe, mayankhulidwe ndi mavalidwe a bwana wake kuti adzamulande malo. Akunena, koma poyamba akungodzudzulidwa kuti alibe ulemu. Pamene ena onse akudzazindikira kuti Birdie ankanena zoona, iye n'kuti atasowa kale mu filimuyo, ndipo palibe amene akupita kukamupepesa.

Bwanji anaona iye yekha? Ine ndikuganiza kuti n'chifukwa cha pamene anaima. Munthu amene aliyense akumuyang'ana amatanganidwa ndi mmene akuonekera. Wonyamula chovala palibe amamuyang'ana, ndiye maso ake ali ndi mpata. Komanso Eve sankadzibisa kwenikweni pamaso pa Birdie, poti wantchito ankamuona ngati mpando wa m'nyumba.

Tsopano tsegulani Baibulo. Namani ndi mkulu wa asilikali a mfumu ya Aramu, munthu wolemekezeka, wopambana pa nkhondo, koma wakhate. M'nyumba mwake muli kamtsikana kamene asilikali anakagwira ku Israyeli, kakutumikira mkazi wake. Taganizani bwino za mwanayu. Anamuchotsa kwa makolo ake ndi lupanga. Nyumba imene akusesa ndi ya mkulu wa asilikali omwe anamugwirawo. Akanakhala wina akanati khatelo ndi malipiro ake, limudye mpaka zala zithe. Koma iye akuuza dona wake kuti bwana akanapita kwa mneneri wa ku Samariya akanachira. Mawu ake m'Baibulo lonse ndi omwewo, ndime imodzi. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendo wa m'nyumba ya Namani anali kapolo.

Onani zimene anthu otchuka akuchita ndi mawu amenewa. Mfumu ya Aramu ikulemba kalata, koma yopita kwa mfumu inzake osati kwa mneneri, chifukwa mafumu amadziwana okhaokha. Namani akunyamula matalente 10 a siliva, masekeli 6,000 a golide ndi zovala 10. Mfumu ya Israyeli itawerenga kalatayo ikung'amba zovala zake, ikuganiza kuti akuiputa dala. Chimene kamtsikana kakukhitchini kankadziwa, kuti m'dzikomo muli mneneri wa Mulungu, mfumu ya dziko lomwelo sinachikumbuke mpaka Elisa atatumiza uthenga.

Namani akufika pakhomo pa Elisa ndi akavalo ndi magaleta. Elisa osatuluka. Akungotuma mthenga, wina wopanda dzina, kuti kasambe mu Yordano kasanu ndi kawiri. Namani akupsa mtima. Iye ankayembekeza kuti mneneri atuluka, aimirira, aitana dzina la Mulungu wake ndi kuyendetsa dzanja pa nthendayo. Ankafuna chionetsero chomwe iye akhale pakati. Akuti mitsinje ya kwawo ku Damasiko ndi yabwino kuposa madzi onse a ku Israyeli, ndipo akutembenuka kuti azipita ndi khate lake. Akumubweza ndani? Anyamata ake. Akumuyandikira mwaulemu, kumutchula kuti atate, n'kumufunsa kuti kodi mneneri akanalamula chinthu chovuta sakanachita? Nanga kusamba kokha kwavuta pati? Anyamatawa ankamudziwa bwana wawo kuposa mmene ankadzidziwira yekha. Anaona kuti chamukwiyitsa n'chakuti ntchito yomwe wapatsidwa ndi yaing'ono, yosayenera munthu wa mayina.

Chotsani kamtsikana, mthenga ndi anyamata aja, Namani afa ndi khate. Koma werengani mutu wonsewo, simupeza dzina la mmodzi mwa iwo. Wantchito yekhayo amene watchulidwa dzina mu mutu umenewu ndi Gehazi, wantchito wa Elisa uja anathamangira siliva ndi zovala natengako khate. Ngakhale pa Luka 4:27, pamene Ambuye Yesu akukumbutsa anthu a ku Nazarete nkhaniyi, mayina omwe akumveka ndi a Elisa ndi Namani.

Apa ndi pamene ife olalikira timakonda kuthamangira kunena kuti pirirani, nthawi yanu ikubwera, nanunso mudzakwezedwa. Nkhani ya mayi Ritter ikhoza kukometsa ulaliki wotero, poti anayamba mafilimu pa zaka 45. Koma ndikanena choncho ndikunamizani. Mayiwa anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya mafilimu yotchedwa Oscar, ya wosewera wothandizira, kasanu ndi kamodzi: zaka zinayi zotsatizana pa mafilimu a 1950, 1951, 1952 ndi 1953, kenaka pa Pillow Talk ya 1959 ndi Birdman of Alcatraz ya 1962. Maulendo onsewo anabwerako chimanjamanja. Mphoto yaikulu imene analandira ndi ya zisudzo yotchedwa Tony mu 1958, pa sewero la nyimbo la New Girl in Town, ndipo imeneyonso anagawana ndi Gwen Verdon, amene ankasewera naye m'sewero lomwelo. Magawo awo ambiri anakhalabe omwewo: wantchito, namwino, mayi wa winawake. Anamwalira ndi matenda a mtima ku New York pa 5 February 1969, kutatsala masiku 9 kuti akwanitse zaka 67.

Chimodzimodzi kamtsikana kaja. Namani atachira anabwerera kwa Elisa, anavomereza kuti kulibe Mulungu wina koma wa Israyeli, napempha dothi loti nyulu ziwiri zinyamule kupita nalo kwawo. Za mwana uja Baibulo silibwererakonso. Mphoto yake sinalembedwe. Chimene chinalembedwa n'chakuti ananena zoona pamalo pamene anaikidwa, kwa munthu amene sanali woyenera chifundo chake.

Ndimakumbuka kutchalitchi kwathu tili ana, pokonzekera sewero la Khirisimasi, atsikana onse ankalimbirana kukhala Mariya, anyamata kulimbirana Herode chifukwa ankavala chisoti chonyezimira ndi kukalipa. Otsala ankatipatsa unkhosa, kukwawa pansi titafunda nsalu yoyera. Ine ndinakhalapo nkhosa zaka ziwiri, ndipo ndinkapita kunyumba nditakwiya. Mpaka lero ndikakhala pamsonkhano dzina langa osatchulidwa pothokoza, nkhosa ija imadzuka mumtima.

Pali gawo lina la mayi Ritter limene silindichoka m'mutu. Mu Pickup on South Street, ya 1953, yotsogoleredwa ndi Samuel Fuller, anasewera Moe, mayi wokalamba wogulitsa mataye mumsewu, amenenso amagulitsa nkhani za akuba kwa apolisi. Si woyera mtima ayi. Tindalama take akusunga kuti agule manda akeake, chifukwa chimene amaopa kwambiri ndi kuikidwa kumanda a anthu osowa abale. Atamuopseza ndi mfuti kuti aulule kumene kuli mnyamata wina wopisa m'matumba, akukana, ndipo akuphedwa ndalama za manda zisanakwane. Bokosi lake lili kale m'boti kupita kumanda a osowa aja pamene wakuba yemwe anamuteteza uja akubwera kudzalitenga kuti akamuike bwino.

Manda oterowo m'Chingelezi amawatchula ndi dzina lochokera pa Mateyu 27:7, munda wa woumba mbiya. Yudasi atabweza ndalama 30 zasiliva, ansembe aakulu anakana kuziika mosungira chuma cha Kachisi poti zinali za magazi, ndipo anagulira munda woti aziikamo alendo. Choncho malo ogonamo anthu amene palibe akuwadziwa dzina anagulidwa ndi mtengo wa magazi a Yesu.

Tipemphere. Atate, tikukupemphererani ana amene adzuka m'bandakucha uno kukoleza moto m'nyumba za eni, kutali ndi kwawo. Asungeni, ndipo akayankhula lero apatseni wowamva. M'dzina la Yesu, ameni.