Makilo a tiyi m'buku la kalabu: nambala imodzi ikalembedwa molakwika

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo a kalabu yathu kuno ku Limbuli. Alembi, tabweretsani choko chija.

Avereji nonse mumaidziwa. Lero tiwonjezere nambala ina imene a masamu amaitchula kuti standard deviation. Imeneyi imatiuza kuti makilo a tiyi amene tathyola amwazikana motani kuchoka pa avereji.

M'buku muno ndatengamo alimi asanu okha mwa ambirimbiri amene tili nawo: makilo 36, 38, 40, 42 ndi 44. Kuphatikiza ndi 200, kugawa pasanu, avereji ndi 40. Tsono aliyense watalikira bwanji pa 40? Woyamba waperewera ndi 4, wachiwiri ndi 2, wachitatu ali pomwepo, awiri enawo apitirira ndi 2 komanso 4. Nambala iliyonse tiichulukitse ndi iyo yomwe: 16, 4, 0, 4, 16. Zonse pamodzi ndi 40.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndiye tcherani khutu. Sitigawa ndi 5, tigawa ndi 4. Avereji ija taitenga mwa asanu omwewa, choncho zoperewera ndi zopitirira zimafafanizana. Mukadziwa za anayi, za wachisanu zadziwika kale. Mukagawa ndi 5, kumwazikana kwa kalabu yonse kumaoneka kochepa kuposa mmene kulili. Ndiye 40 kugawa ndi 4 ndi 10. Dinani sikweya ruti pa foni yanu, ndiye kuti nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsani 10, mupeza 3.16. Imeneyi ndiyo standard deviation yathu.

Tsopano taganizani ndi Januwale, mvula ikutsika m'phiri la Mulanje, buku lanyowa, mzere wa madengu wafika kumsewu. Mlembi m'malo molemba 42 walemba 24. Avereji yatsika pang'ono chabe, yafika 36.4, ndipo palibe angadabwe nayo. Koma mayi mwini wa makilo 42 aja tsopano watalikira ndi 12.4, ndipo tikachulukitsa ndi iyo yomwe ikukwana pafupifupi 154 payokha. Standard deviation yalumpha kuchoka pa 3.16 kufika 7.54. Mukaona yalumpha chotero, musathamangire kufufuta nambalayo ayi. Pitani kwa mwini wake, muone risiti yake. Mwina ndi zoona anathyola 24 chifukwa kunyumba kunali matenda. Ngati sizoona, makilo 18 a thukuta lake asowa, ndipo zimenezo zimandiwawa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi sikelo. Ikamadya makilo awiri kwa aliyense, tipeza 34, 36, 38, 40, 42. Avereji yatsika kufika 38, koma standard deviation ikadali 3.16 yomweyo, chifukwa onse aberedwa mofanana. Pamenepo masamuwa sangakuchenjezeni.

Ndiye Loweruka likubwerali, asungichuma mudzabwere ndi mapaketi khumi a shuga, a kilo imodzi imodzi. Tidzayamba takoleka thumba lopanda kanthu pa sikelo, kenako tidzaikemo shugayo tonse tikuona ngati sikeloyo ionetse makilo onse khumi. Amayi kumbuyoko mwaimika dzanja, tafunsani.