Dzimbiri lililonse likhale ndi gwero lake: kumanga ndi kupenta kasitima ka U-boat

Zikomo kwambiri a pampando pondipatsa mpata uwu, ndipo ndikupereka moni kwa inu nonse amayi, abambo ndi achinyamata amene mwasonkhana muno masana ano. Patebulopa ndayika tisitima tiwiri ta pulasitiki tochokera m'mabokosi a mtundu umodzi, ndipo ndikupempha kuti muzitiyang'ana pamene ndikulankhula. Aka ka kumanzere ndinakamanga ndisanadziwe kanthu, ndipo mukuona nokha kuti kafiira paliponse ngati lata lakale limene lagona kudzala zaka khumi. Aka ka kumanja ndakamaliza mwezi wathawu. Penti ndi burashi zinali zomwezo, koma pa kachiwirika ndinayamba ndafunsa kuti chidindo chilichonse chimene ndikufuna kuyika chinkabwera bwanji pa sitima yeniyeni.

Sitima imene tikutsanzira ndi ya nkhondo yoyenda pansi pa madzi, yotchedwa U-boat, imene dziko la Germany linkagwiritsa ntchito pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945. Mtundu wake ndi Type VIIC, ndipo unapangidwa wochuluka kuposa mitundu ina yonse ya U-boat. Inali yotalika mamita 67, munkakhala amuna pakati pa 44 ndi 52, ndipo inali ndi mipope isanu yoponyera mabomba a torpedo, inayi kutsogolo ndi umodzi kumbuyo. Ikakhala pamwamba pa madzi inkayendera injini ziwiri za dizilo ndipo inkafika makilomita pafupifupi 33 pa ola, koma ikamira inkadalira mabatire ndipo liwiro linkatsika kufika makilomita 14 okha. Chifukwa cha zimenezi, nthawi yambiri sitimayi inkayenda pamwamba, mafunde a mchere akuimenya ndipo dzuwa likuiwomba, n'kumamira pokhapokha pobisala kapena pothira nkhondo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene itiuze kumene penti ankatha ndi kumene sankatha.

Bokosi limene ndagwiritsa ntchito ndi la kampani ya Revell, pa sikelo ya 1/144, kutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa ka 144. Kasitimaka kamatuluka kotalika masentimita pafupifupi 47, ndipo munthu woyima pamwamba pake angakhale wa mamilimita 12 basi. Palinso mabokosi a 1/350 amene sitima yomweyi imangokwana masentimita 19. Tsopano tembenuzani masamuwo. Milimita imodzi pa kasitima kathu ikuyimira masentimita 14 ndi pang'ono pa sitima yeniyeni, kotero mpata wa theka la milimita umene mwausiya pamsoko ndi mng'alu wa masentimita 7, woti munthu n'kupisamo dzanja. Kamzere ka dzimbiri kotalika sentimita imodzi ndi mzere wa pafupifupi mita ndi theka. Ambiri a ife tinakula tikupanga magalimoto a mawaya, ndipo tikudziwa kuti gudumu limodzi likakula kuposa anzake diso limaona msanga. Pano ndi chimodzimodzi, kungoti diso lake ndi lankhanza kwambiri.

Za kumanga sindichedwapo, poti pepala la malangizo limene lili m'bokosi limalongosola bwino. Tsukani zidutswa zonse m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi sopo wotsukira mbale kuti muchotse mafuta a kufakitale ndi a m'manja mwanu. Musathyole chidutswa pa felemu yake ndi zala, koma mudule ndi kampeni kakuthwa kapena lezala, n'kusalaza chitsa chotsalacho ndi sandipepa wosalala. Musanathire guluu, yambani mwalumikiza mbali ziwiri za thunthu la sitima popanda kanthu kuti muone pamene sizikugwirana. Guluu wa ntchitoyi, monga wa Tamiya Extra Thin, ndi wamadzimadzi ndipo samata ngati guluu wa nsapato, koma amasungunula pulasitiki mbali zonse ziwiri n'kuzisandutsa chinthu chimodzi, monga amachitira wowotcherera zitsulo. Mumagwira mbali ziwirizo pamodzi, n'kukhudza msoko ndi kaburashi, ndipo guluuyo amayenderera yekha m'kati. Chala chisayandikire pamenepo. Mukayang'ana kumbuyo kwa kasitima kanga koyamba mupeza chidindo cha chala changa chachikulu chitakhazikika mu pulasitiki, chifukwa guluu anatsatira msoko n'kulowa pansi pa chalacho ine ndisakudziwa. Msoko ukauma tsiku lathunthu, upaleni mopepuka ndi msana wa mpeni, tsekani timipata totsala ndi putty, phala lomatira ming'alu, ndipo salazaninso. Tizidutswa tosachedwa kuthyoka, monga mfuti ya masentimita 8.8 ya pamwamba, zitsulo zogwirira ndi periscope (kampope koonera kunja sitima itamira), tisungeni m'kabotolo mpaka kumapeto.

Tikafika pa penti, choyamba ndi andakoti wotuwa, wopaka mopyapyala. Ntchito yake ndi iwiri: amathandiza penti kugwira, komanso amaulula msoko uliwonse umene mumayesa kuti mwaubisa. Sitima zimenezi zinkapakidwa mitundu yotuwa. Kumtunda kwa mzere wa madzi kunkakhala kotuwa moyererako, monga penti amene a Germany ankamutcha Hellgrau 50, kapena moderako monga Dunkelgrau 51, pomwe kunsi kunkakhala kotuwa kwambiri, pafupifupi kwakuda. Ine ndimakonda penti wa acrylic chifukwa amasungunuka ndi madzi ndipo fungo lake silipweteka mutu. Musungunuleni mpaka afanane ndi mkaka, ndipo mupake katatu mopyapyala m'malo mopaka kamodzi mochindikala, chifukwa penti wochindikala amakwirira timizere ndi timisomali tonse timene mwalipira ndalama zanu kuti tioneke. M'nyengo yotentha ya mwezi wa Okutobala penti ameneyu amaumira pa burashi musanamalize mzere, choncho gwirani ntchito m'mamawa. Polekanitsa mtundu wa kumtunda ndi wa kunsi matani tepi, tsindikani m'mphepete mwake ndi chikhadabo, ndipo muichotse penti asanaumitsitse.

Apa pali chinthu chimene ambiri amalakwitsa, ndipo inenso ndinalakwitsa. Pamwamba pa sitimayi, pamene anthu ankapondapo, panali poyalidwa matabwa, ndipo matabwawo ankapakidwa mankhwala akuda oteteza kuti asawole. Mwatsopano ankaoneka akuda, ndipo akapondedwapondedwa ndi kukokoloka ndi madzi a mchere ankayamba kuonetsa mtundu wa khofi wotuwirako. Thabwa silichita dzimbiri. Komabe onani kasitima kanga ka kumanzere, mmene ndinathirira dzimbiri pa matabwa onse ngati kuti ndi denga la malata. Zopalasira ziwiri za kumbuyo nazonso zinali kawirikawiri za mkuwa wosakaniza, umene umada ndi kuzimirira koma sufiira ngati chitsulo.

Tsopano tifike pa kukalambitsa, kumene ndi mtima wa nkhani yathu. Musanagwire burashi, sankhani tsiku la moyo wa sitimayo limene mukufuna kuonetsa. Sitima zambiri za mtundu uwu zinkanyamukira m'madoko a ku France amene Germany inalanda, monga Brest, Saint-Nazaire ndi La Rochelle, kumene zinkakonzedwa ndi kupentedwanso m'nyumba zikuluzikulu za konkire zotchinjiriza mabomba. Sitima yonyamuka kumene inkakhala yaukhondo, pomwe yobwerera patapita milungu ingapo pa nyanja ya Atlantic inkabwera penti atasupuka kutsogolo ndi pa nsanja yotumphuka pakati pa sitima, pamene mafunde ankamenya kwambiri. Zonse ziwiri ndi zoona, koma simungazisakanize pa kasitima kamodzi. Pezani zithunzi zakale pa intaneti ndipo musankhe chimodzi choti chikutsogolereni. Sitima imodzi yokha ya banja la Type VII ndi imene idakalipo, U-995, imene inamangidwa ku Hamburg n'kuyamba ntchito mu 1943. Nkhondo itatha inagwiritsidwa ntchito ndi asilikali a ku Norway pansi pa dzina lakuti Kaura, ndipo kuyambira 1972 ili pamtunda ku Laboe, pafupi ndi mzinda wa Kiel, kumene anthu amakaiona. Zithunzi zake n'zothandiza pa maonekedwe a thunthu ndi mabowo, koma musatengere penti wake, chifukwa yakhala ikupentedwa monga chinthu chosungidwa, ndipo mfuti za pa nsanja yake ndi za kumapeto kwa nkhondo.

Gawo loyamba ndi kupaka vanishi wonyezimira pa kasitima konse ndi kumusiya aume masiku awiri. Zomata za manambala ndi zizindikiro zimagwira bwino pamalo osalala otere, ndiponso vanishiyo amateteza penti wa pansi ku zimene zikubwera. Kenaka tengani penti wa mafuta wa ojambula zithunzi, mtundu wa khofi woderako wotchedwa raw umber wosakaniza ndi wakuda pang'ono, ndipo mumusungunule ndi white spirit, mankhwala osungunulira penti wa mafuta, mpaka afanane ndi tiyi wopanda mkaka. Ndikuchenjezeni kuti thina wa penti ya magalimoto asayandikire, chifukwa amadya penti pamodzi ndi pulasitiki yomwe. Khudzani nsonga ya kaburashi pa bowo limodzi la m'mbali mwa sitima, ndipo muona madzi akudawo akuthamanga okha m'timizere, n'kusiya mthunzi pamene payenera kukhala mthunzi. Pakatha mphindi makumi awiri, pukutani otsalira ndi kathonje konyowa pang'ono, ndipo dzanja lizichokera kumwamba kutsikira pansi.

Mabowo a m'mbaliwo ndiwo chinsinsi cha dzimbiri la sitimayi. Thunthu lenileni lolimba, mmene munkakhala anthu, linali m'kati, ndipo pamwamba pake panali chikuto cha chitsulo chopyapyala chimene madzi ankalowamo momasuka sitima ikamamira. Ikatumphuka, madzi onsewo ankatuluka kudzera m'mabowo aja n'kumayenderera m'mbali, tsiku ndi tsiku, njira yomweyomweyo. Choncho dzimbiri limayambira pa mlomo wa kunsi wa bowo, limakhala lakuda pamene layambirapo, ndipo limanka lizimirira potsika. Amene munaonapo Ilala itaima pa doko la Monkey Bay kapena Nkhata Bay mukudziwa mizere imene imatsika kuchokera pa bowo la nangula, ngakhale kuti nyanja yathu ilibe mchere ndipo dzimbiri lake silifulumira ngati la ku Atlantic. Ngakhale pakhomo panu, onani mmene msomali wa pa lata umatsitsira mzere wake kutsata njira ya madzi a mvula.

Kachitidwe kake ndi aka. Ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, ikani kadontho ka penti wa mafuta wofiirira ngati dzimbiri, wotchedwa burnt sienna, pansi pa bowo, kochepa kuposa njere ya mawere. Viikani burashi yaphwatalala mu white spirit, ipukuteni pa pepala mpaka itsale yonyowa pang'ono chabe, ndipo kokerani kadonthoko pansi kamodzi kapena kawiri. Mzere ukakula, pitanipo kachitatu ndipo uchepa, chifukwa penti wa mafuta amachedwa kuuma ndipo amalola munthu kukonza cholakwa. Musachite izi pa bowo lililonse. Pa mabowo khumi ine ndimasankha atatu kapena anayi, ena aatali ena aafupi, chifukwa mizere yofanana yondondozana ngati mizere ya m'munda imaoneka kuti yapangidwa ndi dzanja.

Zidindo zina nazonso zili ndi magwero ake. Utsi wa injini za dizilo unkatulukira m'mbali chakumbuyo, choncho mwaye uyikidwe pamenepo, utapendekera kumbuyo. Njira yosavuta ndi kupala choko chakuda cha ojambula pa sandipepa n'kupaka fumbilo ndi burashi youma. Pa mzere wa madzi pankakhala litsiro la mafuta a padoko ndi ndere zobiriwira moderako, ndipo kamzere kopyapyala kosawongoka kwenikweni kamakwanira. Kumtunda, madzi a m'nyanja akauma ankasiya mchere wotuwa, umene mungauonetse ndi timadontho ta penti woyera tokokedwa mpaka titatsala pang'ono kuzimiririka. Kusupuka kwa penti kuyikidwe m'mphepete mwa zitseko zolowera, pa makwerero ndi pozungulira mfuti, pamene nsapato ndi zida zinkakhula. Nyenyani kachidutswa ka siponji, kaviikeni mu penti wotuwa moderako, kapukuteni mpaka katsale pang'ono kuuma, ndipo kagunditseni mopepuka. Pa sikelo yathu kadontho ka milimita imodzi ndi chigamba chachikulu ngati chikhatho, ndiye dzanja lipepuke. Mukamaliza mbali imodzi, ikani kasitimako patebulo, bwererani masitepe atatu, ndipo muyang'ane. Ngati choyamba kuoneka ndi dzimbiri m'malo mwa sitima, tengani burashi yonyowa ija muchotseko.

Penti wa mafuta akauma, patatha masiku atatu kapena anayi, tsekani zonse ndi vanishi wosanyezimira, popeza sitima yankhondo yowala ngati galimoto yatsopano imaoneka ngati chidole. Ngati vanishi wanu ndi wopopera wa m'chitini, musapopere tsiku la mvula kapena la chinyezi, chifukwa amatha kuyera ngati ufa n'kuwononga ntchito ya mwezi wathunthu. Popererani panja, ndipo mukatha vundikirani kasitimako ndi katoni kuti fumbi lisakakamire.

Chomalizira ndi mawaya a wailesi amene ankachokera kutsogolo kufika pa nsanja, ndi kuchokera pa nsanja kupita kumbuyo. Ulusi wosokera ndi wonenepa kwambiri ndipo uli ndi ubweya, choncho timapanga waya wathu kuchokera ku felemu ya pulasitiki ija imene munadulako zidutswa. Mumadula kamtengo kowongoka, n'kumakazunguza pamwamba pa lawi la kandulo osakakhudzitsa, ndipo pakati pakayamba kunyezimira ndi kufewa mumakachotsa pamoto n'kukoka mbali zonse ziwiri mosathamanga. Kamatalika n'kukhala kopyapyala ngati tsitsi. Koyamba kamaduka, kachiwirinso kamaduka, ndipo n'chifukwa chake ndabweretsa mafelemu okwanira aliyense. A pampando, ngati mungalole, ndiyatse kanduloyi, ndipo achinyamata abwere kutsogolo kuno anayianayi kuti aliyense akoke waya wake.