Makalata a omvera: fumbi la mumgodi, ndudu ndi malata akale

Takulandiraninso omvera, makalata abwera ambiri sabata ino koma ndatolapo awiri poti nkhani yake ndi imodzi. Yoyamba yachokera ku Ntcheu, mayiwa apempha tisatchule dzina.

Akuti: "Bambo anga anali mtchona, anagwira zaka 11 pa mgodi wa asibesitosi ku Zimbabwe, anabwerako mu 1984. Amatiuza kuti akaweruka ovolosi imakhala mbuu ngati agwera mu ufa, ndipo amayi ndi amene ankaikuntha asanachape. Fodya anayamba kalekale, chingambwe chopichira pa pepala. Chaka chatha anayamba kukhosomola ndi kuonda, tinkati mwina TB koma makhololo anayeza kawiri osapeza kanthu, atawajambula ndi pomwe adokotala anati muli chotupa m'mapapo. Pano pakhomo ndi mkangano, ena akuti ndi fodya ena akuti ndi mgodi, achimwene akuti mgodi sizingatheke poti papita zaka 40. Akunena zoona ndani? Nanga amayi ankachapa aja tiwadere nkhawa?"

Pepani kwambiri mayi, matenda a kholo amasowetsa tulo. Koma achimwene anuwo pa zaka 40 paja aphonya. Asibesitosi ndi mwala wa timaulusi tating'ono zedi tosaoneka ndi maso, tikalowa m'mapapo sitisungunuka bwinobwino, timangokhala pheee nkumakanda mkatimo pang'onopang'ono, ndiye matenda ake amatulukira patapita zaka 20, 30 ngakhale 40, munthu mgodi anauiwala kale ali pakhonde ndi zidzukulu. A kwathu ambiri anagwira ku Zvishavane ndi ku Mashava komwe ankakumba asibesitosi woyera uja.

Za mkangano wanuwo ine ndingoti onse awiri akhoza ndipo onse awiri alakwa, chifukwa zinthu ziwirizi zimathandizana. M'njira ya mpweya muli timaubweya tomwe ntchito yake ndi kusesa fumbi kulikankhira kukhosi kuti ulavule, utsi wa fodya umatifoola timaubweyato, ndiye fumbi lomwe likanatuluka limatsalira. Ku America Dr Irving Selikoff ndi anzake anatsatira amisiri 17,800 ogwira ntchito ndi asibesitosi, zotsatira zinatuluka mu 1979: asibesitosi payekha chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chinkakwera pafupifupi ka 5, fodya payekha pafupifupi ka 10, koma zonse pamodzi osati ka 15 ayi, kupitirira ka 50. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza manambala otsikirapo koma mfundo yake sinasinthe. Ndiye chotupacho palibe dokotala angaching'ambe pakati nkunena kuti mbali iyi ndi ya fodya iyi ndi ya mgodi, musadane pachibale ndi zimenezo.

Za amayi, eya muwadere nkhawa pang'ono, osati kuwaopseza. Pali khansa ina dzina lake mesothelioma, imagwira kachikopa kokuta mapapo, imeneyo fodya alibe nayo mbali, ndi ya asibesitosi, ndipo yagwirapo akazi ndi ana omwe mumgodi sanalowemo, fumbi ankalipumira pa zovala za abambo kapena pafupi ndi mgodi. Anaitsimikiza ku Joni mu 1960, Dr Wagner, pa anthu a ku Northern Cape komwe ankakumba asibesitosi wa buluu. Amayiwo akamamva befu kapena kupweteka mbali imodzi ya chifuwa apite kuchipatala, ndipo chonde mukawauze adokotala za mgodi ndi za ovolosi zija, osangoti akukhosomola basi, chifukwa kuno chifuwa chikatalika aliyense amathamangira TB.

Yachiwiri yachokera ku Zomba, mnyamata wa zomangamanga. Akuti: "Ine ndimapeza maganyu ochotsa malata akale a asibesitosi pa nyumba zakale zija, ena timawadula ndi galainda eni ake akafuna kufolera khola kapena bafa. Fumbi limakhala lambiri koma ndikaweruka ndimamwa mkaka, akuluakulu anandiuza kuti umatsuka. Ndudu ndimasuta zitatu zinayi pa tsiku basi. Ndili bho?"

Aise, suli bho. Mkaka umapita m'mimba, fumbi lapita m'mapapo, njira zake ndi ziwiri, umwe chifukwa umaukonda osati kuti ukutsuka. Lata la asibesitosi likakhala padenga osaligwiragwira vuto lake ndi lochepa poti ulusi uja unamangika mu simenti, koma ukangoliika galainda kapena kuliboola kapena kuliswa ndi hamala wautulutsa wekha, ndipo nkhope yako ili pompo. Galainda usiye. Uzithira madzi lata lonse linyowe, umasule misomali litsike lathunthu, zinyenyeswa usasese zouma, kansalu kapakamwa kaja ka nthawi ya korona sikagwira timaulusiti pamafunika masiki yeniyeni ya fumbi yogwira bwino kumaso, ndipo ovolosi isakafike kunyumba kuti mlamu akaikunthe, wamva yekha za ku Ntcheu zija. Britain analetsa asibesitosi mu 1999, South Africa mu 2008, sanangodana naye chabe.

Ndudu zitatu zinayi ukuzitchula ngati zochepa, pa ntchito yakoyo sizochepa. Fumbi lomwe wapuma kale palibe mankhwala olitulutsa, koma amisiri a ku America aja atawatsatiranso, omwe anasiya fodya chiopsezo chinatsika ndi theka pasanathe zaka 10. Udzatilemberenso mwezi wa mawa utiuze zatsala zingati pa tsiku, ndidzawerenga pompano. Mayi a ku Ntcheu muwapatse moni bambo. Tipume kaye ndi kanyimbo.